Khoma la Kuchipinda kwa Amayi ku Kawale

Nyumba yathu ku Kawale inali yosasowa. Ukafunsa kuti nyumba ya njerwa zofiira ili pati, ngakhale wakabaza woti wabwera dzulo ankakulozera. Nyumba zina zonse pamsewu wathu zinali zitapakidwa pulasitala ndi penti, zina zitagwetsedwa n'kumangapo midadada ya lendi, koma yathu inali chikhalire ndi njerwa zake pamtunda, monga anaisiyira abambo.

Anaimanga zaka zimene likulu la dziko linkasamukira ku Lilongwe kuno, ine ndisanabadwe. Abambo anali dalaivala wa lole yonyamula mchenga, ndiye tsiku lililonse ankaona nyumba za anthu zikukwera, mtima n'kumawawa. Njerwa anaumba okha awiriwiri ndi amayi kudambo, zilimwe ziwiri, amayi ali ndi mlongo wanga wamkulu kumsana. Chikombole anakhoma okha abambo, ndipo poti sanali kalipentala chinatuluka chachikulu kuposa cha anzawo. N'chifukwa chake njerwa zathu zinali zikuluzikulu, zoti ukanyamula imodzi ndi dzanja limodzi unkadziwa kuti wanyamula. Simenti inali yovuta kupeza, choncho anamanga ndi matope, simenti n'kungoipaka m'mizere ya kunja kuti mvula isakokolole.

Khoma lake linali lonenepa njerwa ziwiri. Mwezi wa Okutobala, anthu akupsa m'nyumba zawo, ife tinkakhala m'kati ngati tili pansi pa mtengo wa mango. Pamwamba pa chitseko chakumaso njerwa zinaimikidwa chopendeka n'kupanga uta, ndipo kufupi ndi denga anasiya timabowo ta mphepo tooneka ngati mitanda, chipinda chilichonse tiwiri. Khonde linali ndi zipilala zitatu, pansi pofiira popukutidwa mpaka kuterera. Panalinso chumuni pabalaza, chimene abambo anachionera kunyumba ina ya azungu kumene anakatula mchenga. Anayatsapo moto kamodzi kokha, utsi n'kudzaza nyumba yonse mpaka tonse kuthawira panja tikutsokomola. Kuyambira pamenepo m'chumunimo tinkasungamo mbatata.

Abambo atamwalira, amayi anatsala okha m'nyumbamo, ndipo banja langa litatha ine ndinabwerera komweko ndi makina anga osokera. Ndinawaika pakhonde, n'kumasoka mayunifolomu a sukulu ndi madiresi a ukwati. Amayi anali atakalamba, miyendo ikuvuta, koma mutu uli bwinobwino. Chinthu chimodzi chokha ankachinena mosabisa: sakufuna kukakhala kwa mwana aliyense, akufuna kumalizira masiku awo m'nyumba imene anaumbira njerwa ndi manja awo. Ine ndinalumbira mumtima kuti zimenezo zidzachitika, wina afune asafune. Ndisaname, nanenso ndinalibe kwina kopita.

Munthu wosoka pakhonde amaona zambiri. Kutsidya kwa msewu kunali mayi wina wamasiye, msinkhu wa amayi, nyumba yake yakalekale ngati yathu. Ana ake anabwera n'kumuuza kuti denga likudontha, apite kaye kwa mwana wake wamkazi ku Chinsapo masabata awiri kuti alikonze. Ananyamuka akumwetulira, natitsanzika. Tsiku lachitatu kunabwera lole ya anyamata ndi mapiki. Ndinaona ndi maso angawa, phazi lili pamakina, nyumba ikugwa khoma ndi khoma. Mmene mayi uja ankabwerera, anapeza mpanda wa malata ndi geti la munthu wina. Anaima pamsewu ndi kachikwama kake nthawi yaitali, kenako anatembenuka. Kuyambira tsiku limenelo, aliyense woyang'anitsitsa nyumba yathu ndinkamuwerengera masitepe.

Woyamba amene ndinamukayikira anali mlongo wanga yemwe. Iye amakhala ku Area 25 ndipo amagwira ntchito ku Kanengo. Ankabwera kumapeto kwa mwezi ndi shuga ndi sopo, kukhala pang'ono ndi amayi, n'kumapita. Ndi munthu wosayankhulayankhula, ndipo ine anthu ofatsa sindinawakhulupirirepo, chifukwa sudziwa chimene akusunga. Mkazi wake, mlamu wanga, tsiku lina pa Khirisimasi anaima kuseri n'kunena kuti ploti yathu ndi yaikulu bwanji. Anangonena choncho basi, koma ine ndinawasunga mawuwo ngati mbewu.

Ndiye Loweruka lina mwezi wa Ogasiti achimwenewo anatulukira ndi mkulu wina wa imvi, wokankha njinga yakale, chikwama chansalu chitamangidwa pakaliyala. Anati ndi mmisiri wa ku Mtsiliza, anaphunzira ntchito kwa amisiri akale a ku mishoni, ndipo amazidziwa nyumba zomangidwa ndi matope. Anapereka moni kwa amayi atavula chipewa, kenako awiriwo anazungulira kuseri osandiitana. Osandiitana ine, amene ndinkagona m'nyumbamo! Ndinasiya kolala ya yunifolomu ili pakati, n'kuwatsatira.

Ndinapeza mkulu uja atagwada pakhoma la kumadzulo, lomwe linali la kuchipinda kwa amayi. Anatulutsa msomali n'kukanda pakati pa njerwa zam'munsi, dothi lotulukalo n'kulifikisa ndi zala, n'kulinunkhiza. Anagogoda khoma ndi chibakera m'munsi, kenako m'mwamba, khutu atalitchera. Zonsezo ndinazilola. Koma atadzuka anayamba kuyenda kuchokera pakhoma kukafika pampanda wa aneba athu, akuwerenga mapazi chapansipansi. Ndinati mumtima, uyu sakuyeza khoma ayi, akuyeza ploti. Galu wamkota sakandira pachabe.

Zimene anafotokoza zinali izi. Kale madzi a mvula ochokera kumtunda ankadutsa kuseri kwathu n'kumatsetsereka. Aneba atamanga mpanda wa njerwa, madziwo anasowa njira, ndiye ankaima pakhoma lathu n'kusiyapo dothi chaka ndi chaka, mpaka mizere itatu ya njerwa inakwiririka. Matope omangira am'munsimo ankakhala onyowa ngakhale m'chilimwe. Anati njerwa zili bwino, koma zikukhala pa phala. Mankhwala ake anali kukumba ngalande, kuchotsa dothi lonse lotsamira khomalo, kuchirikiza denga ndi mitengo, n'kumachotsa njerwa zam'munsi pang'onopang'ono ndi kuzimanganso ndi simenti. Ndipo poti khoma lidzakhala likulendewera, fumbi lili paliponse, agogo asagonemo m'nyumbamo masabata awiri. Achimwene anawonjezera mwachangu kuti amayi akhoza kukakhala kwa iwo ku Area 25, chipinda chilipo.

Masabata awiri! Ndinamva ngati andithira madzi otentha. Zimene ndinayankhula tsiku limenelo sindingazibwereze zonse, koma aneba anatulukira pamipanda. Ndinawauza achimwene kuti ine si mwana, ndinaona zimene zinachitika kutsidya kwa msewu, ndipo ngati apeza wogula akamuuze kuti m'nyumba muno muli mfiti yosagona. Ndinatchula mlamu ndi mawu ake a pa Khirisimasi. Mmisiriyo ndinamufunsa kuti amulonjeza chiyani kuti aname pamaso pa nkhalamba inzake. Ndinamaliza ndi kunena kuti ngati vuto ndi madzi, ndipaka pulasitala ngati mmene achitira anthu onse, nkhani ithere pomwepo.

Mkulu uja sanakwiye. Anapukuta zala pa thalauza n'kunena kuti, "Mayi, pulasitala yekha ayi. Khoma la matope limapuma. Mukalivundikira ndi simenti madzi aja adzasowa potulukira, adzatsalira m'kati."

Ndinaseka mokweza kuti ndi liti khoma linamera mphuno. Achimwene anayang'ana pansi. Amayi nthawi yonseyi anali pakhonde akusenda mtedza, ndipo sanatulutse liwu ngakhale limodzi. Ine ndinati akuopa mwana wawo wamwamuna, monga amachitira amayi ambiri, ndiye ndiyenera kuwayankhulira ineyo.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mlonda. Mapepala a ploti ndinawachotsa m'sutikesi ya amayi n'kuwabisa pansi pa mulu wa nsalu za makasitomala. Foni ya amayi ikalira, ndikamva kuti ndi achimwene, ndinkaimitsa makina n'kumanamizira kufunafuna sizasi pafupi ndi chitseko. Amayi ankangoyankha kuti eya, ayi, tili bwino, ndipo kufupika kwa mayankhowo kunkandikayikitsanso. Mnyamata wina wodutsa anajambula nyumba yathu ndi foni, akuti yamusangalatsa chifukwa ndi yachikale. Ndinamuthamangitsa mpaka pakona, mpaka anafufuta ndikuona. Amayi anzanga akutchalitchi nawo anathira mchere. Wina anandinong'oneza kuti ndisalole munthu kukumba mozungulira nyumba, chifukwa ena amakwirira zinthu kuti mwini nyumba aiwale kuikonda n'kuchokamo yekha. Ndine munthu wopemphera, koma m'mawa uliwonse posesa kuseri ndinkayang'ana ngati pali dothi lotembenuzidwa.

Patatha sabata zitatu mmisiri uja anabweranso yekha, pakati pa sabata, khasu atamanga panjinga. Anaima pageti osalowa. Anati zina zonse zikhale, koma ndimulole angotsegula kangalande kakang'ono kuti madzi azipeza njira mvula isanayambe, ndipo sadzafuna malipiro. Pamenepo m'pamene ndinatsimikiza kuti pali kanthu. Ndani mu Lilongwe muno angapalase njinga kuchokera ku Mtsiliza kudzakumba ngalande yaulere? Ndinamuuza kuti khasu lakelo akalimire kwawo. Anafunsa ngati angapereke moni kwa agogo, ine n'kuti akugona, chonsecho anali pabalaza akumva zonse. Anakwera njinga yake n'kumapita.

Mwezi wotsatira ndinapeza amisiri anga awiri a ku Biwi, oti ukawauza chochita amachita osafunsa mafunso. Poyamba ndinkafuna khoma lakumadzulo lokha, koma linaoneka ngati chigamba, ndiye ndinati apake nyumba yonse kunja. Timabowo ta mitanda tija ndinati atitseke, tinkalowetsa fumbi ndi udzudzu. Tsiku limene ankapaka kumaso, amayi anakhala pakhonde akuyang'ana uta wa pachitseko uja ukuzimirira m'simenti, njerwa imodzi imodzi. Utatsala pang'ono kutha anadzuka ndi ndodo yawo n'kulowa m'nyumba. Ndinaona, koma ndinati ndi ukalamba, adzazolowera. Titathira penti yachikasu, anthu odutsa ankaima n'kumandiyamikira kuti tsopano nyumba yalowa m'tauni.

Achimwene atabwera kumapeto kwa mwezi anaima pageti kanthawi. Kenako anangoti, "Mwapaka." Anapereka shuga ndi sopo kwa amayi monga mwa nthawi zonse. Ine ndinaona nkhope ya munthu amene mapulani ake alephereka, ndipo ndinakondwa kwabasi. Tsiku limenelo ndinawaphikira tiyi wamkaka ndi mtima wonse, ngati mmene umamudyetsera munthu amene wamugonjetsa.

Dzinja loyamba linadutsa khoma lili chiimire. Ndinkauza aliyense wobwera kudzayesa diresi za mmisiri wabodza amene ankati khoma limapuma. Koma m'chipinda cha amayi munayamba kamfungo ngati ka chimanga chofuka. Mabulangete ankakhala ozizira ngakhale tawayanika tsiku lonse, ndipo amayi anayamba kachifuwa kosatha. Nditasuntha wodulobu ndinapeza kumbuyo kwake kwamera nkhungu yakuda mpaka m'chiuno. Mukuganiza kuti ndinakumbukira mawu a mkulu uja? Ndinawakumbukira, inde, koma mokhota. Ndinati mwina tsiku lija pokanda ndi msomali wake anasiyapo kanthu. Ndinatsuka khomalo ndi sopo, n'kulipakanso penti m'kati, n'kubwezerapo wodulobu. Achimwene sindinawauze, ndipo akabwera ndinkaonetsetsa kuti chitseko cha kuchipindako n'chotseka.

Dzinja lachiwiri, mwezi wa Febuluwale, kunagwa mvumbi wa masiku atatu osakata. Tsiku lachinayi m'mawa kunacha ndi kadzuwa, ndipo ndinatulutsa amayi kuti awothere pakhonde. Ndinali ndikusoka siketi, cha m'ma teni koloko. Phokoso lake silinali lalikulu ayi, linali ngati thumba la chimanga lagwa kuchokera pa lole. Kenako malata analira. Ndinathamangira kuseri osavala nsapato.

Khoma lakumadzulo silinagwe chogwa, linangokhala pansi. M'munsi munaterereka, za pamwamba n'kutsatira. Pulasitala wanga anali atamatuka zidutswa zikuluzikulu ngati zitseko, penti yake ikuwalabe. Bedi la amayi linali litakwiririka ndi njerwa, makamaka kumutu kumene ankatsamira. Njerwazo zinali zathunthu, pafupifupi zonse, zofiira ngati zaphulidwa dzulo mu uvuni, koma matope a pakati pake ndinawatapa ndi dzanja n'kumatsika m'zala. Ndiulule chinthu chochititsa manyazi: ngakhale pamenepo, nditaima m'matope, ndinayamba ndafufuza ngati pali zizindikiro za piki, ngati wina anabwera kudzakumba ife osaona. Panalibe. Panali madzi okhaokha, atadikha pakati pa khoma ndi mpanda wa aneba mpaka m'akakolo.

Ndinawaimbira achimwene. Anafika masana ndi kagalimoto kobwereka kwa mnzawo. Anazungulira nyumba yonse, anaona denga litawerama, anaona ming'alu imene inatsegulika m'makona a makoma enawo, n'kunena kuti muno simungagonenso munthu. Ndinali nditakonzeka kuti andinyoze. Ndinkafuna andinyoze, kuti nane ndipeze poyankhira. Koma iwo anangovula jekete n'kuyamba kufukula zovala za amayi m'njerwa. Kufatsa kwawo kuja, kumene ndinkati n'kubisa chiwembu, tsiku limenelo kunandipweteka kuposa mbama.

Tinalongedza zimene zinapulumuka kuti amayi apite kwa achimwene ku Area 25. Achimwene ali panja kumanga matiresi pagalimoto, amayi anati akufuna akhale kaye pabalaza pang'ono. Ndinawakhazika pampando wawo pafupi ndi chumuni, ine n'kukhala pansi. Ndinayamba kuwalimbitsa mtima kuti asadandaule, akangokhala masiku ochepa, ndipo ndidzakhala ndikulondera pano kuti wina asapezerepo mwayi. Ndinatsitsa mawu n'kuwauza kuti akakafika kumeneko asasayine pepala lililonse.

Amayi anandiyang'ana. Kenako anati, "Iwe, mmisiri uja ndinamuitanitsa ndine. Mlongo wako ndinachita kumutuma kuti akamufunefune. Khomalo linkandizizira kumutu zaka zitatu."

Ndinafunsa kuti nanga tsiku lija bwanji sananene, bwanji anangokhala chete n'kumasenda mtedza ine ndikutukwana mwana wawo ndi mlendo wawo.

"Ndikananenera pati? Iwe ukayamba kuyankhula mnzako amapeza mpata?" Anasisita ndodo yawo. "Ndinkakuopa, mwana wanga. Ndinati ndikanena kuti ndine, udzati andipusitsa, udzayamba kundilondera ngati wamisala. Ndiye ndinamuuza mlongo wako kuti asakuuze, tingokusiya."

Sindinalire pamenepo. Ndinangomva manyazi oti sindinawamvepo chibadwire, manyazi otentha kuyambira kumapazi. Zaka zonsezo ndinkati ndikutchinjiriza amayi kwa anthu, osadziwa kuti m'nyumba yawoyawo munthu amene ankamuopa ndi ine. Ndinafuna kupepesa koma mawu anakana kutuluka, ine amene mawu sanandisowepo. Amayi anatambasula dzanja kuti ndiwadzutse, n'kunena kuti tiye, mlongo wako akudikira.

Mmisiri uja ndinakamupeza patatha sabata, ndinapita ndekha ku Mtsiliza. Anabwera, anayang'ana, n'kunena kuti nyumbayo ikhoza kudzuka ndi njerwa zake zomwezo, koma tidikire mvula ithe, makoma aume, ndipo pulasitala yense achoke kaye. Ntchito ya masabata awiri ija inasanduka ya miyezi isanu ndi iwiri. Pulasitala wakumaso ndinamugumula ndekha ndi hamala, pang'onopang'ono kuti ndisaswe njerwa. Lamlungu lililonse ndinkakwera minibasi kupita ku Area 25 kukawauza amayi pamene tafika, iwo n'kumagwedeza mutu, akutsokomola. Mlamu wanga ndi amene ankawasambitsa ndi kuwadyetsa. Amayi anamwalira mwezi wa Julayi, m'chipinda cha alendo cha achimwene, khoma la kuchipinda kwawo ku Kawale litangofika pawindo.